Kodi kopa wopopera tomato ndiye wadwalitsa mtima wa amuna anga?

Funso: Ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Amuna anga, a zaka 52, akhala akulima tomato kudimba kwa zaka zoposa 15. Nyengo ya mvula amapopera kopa pafupifupi sabata iliyonse, nthawi zambiri osavala chodzitetezera. Chaka chino ayamba kuchita befu akamakwera chitunda, mtima umawagunda kwambiri, ndipo madzulo mapazi amatupa. Mnzathu wina wogulitsa mapiritsi owonjezera thanzi akuti kopa wadzaza m'magazi mwawo n'kuwononga mtima, ndiye tigule ma antioxidant atsuke magaziwo. Mtengo wake ndi wokwera. Kodi zimenezi n'zoona? Tigule?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Befu pachitunda chimene kale ankakwera atasenza dengu, mtima wogunda mosalongosoka, ndi mapazi otupa madzulo, zitatuzi zikakumana mwa munthu mmodzi timaganizira kuti mtima ukulephera kupopa magazi mokwanira. Bambowo apite kuchipatala sabata ino, musanagule botolo la chilichonse. Akawayeze BP, kuchuluka kwa magazi, shuga ndi impso, akawamvetsere pachifuwa, ndipo mukapemphe kuti ajambulidwe mtima ndi ECG komanso sikani. Kuchipatala chaching'ono cha pafupi nanu akaona kuti nkhani ndi yaikulu adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital. Koma ngati usiku akulephera kugona chagada chifukwa chobanika, kapena akumva kupweteka kofinya pachifuwa, musadikirenso kuti kuche.

Tsopano za kopayo. Mnzanuyo sananame zonse, ndipo n'chifukwa chake mawu ake akukulowani mumtima. Kopa atha kuwonongadi mtima. Koma njira imene amadutsa kuti akafike kumtimako ndi yaitali, ndipo amasiya zizindikiro zooneka m'njira monsemo. Pa zimene mwandilembera, zizindikiro zimenezo sindikuziona.

Kopa amene alimi timamutchula ndi mkuwa womwe uja wa mawaya a magetsi, wosakanizidwa ndi zinthu zina kuti ukhale ufa wobiriwira kapena wabuluu. Pa paketi pamalembedwa copper oxychloride kapena copper hydroxide. Mankhwala a mtundu umenewu ndi akale: alimi a mpesa a ku Bordeaux m'dziko la France anayamba kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 1880. Kuno kwathu, ndi nkhungu ya m'mawa komanso mvumbi wosatha wa ku Mzuzu, chiwawu chimatha kupsereza dimba la tomato kapena la mbatata ya kachewere m'masiku ochepa, ndiye mlimi amene amapopera sindingamudzudzule. Alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka nawonso amaudziwa bwino ufa umenewu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mkuwa tili nawo kale m'thupi, ndipo popanda iwo sitingakhale moyo. Munthu wamkulu amakhala ndi mkuwa wokwana pafupifupi mamiligalamu 100 thupi lonse, ndipo amafunika kudya mamiligalamu 0.9 patsiku. Timaupeza mu mtedza, nyemba, soya, bowa ndi chiwindi. Mtima weniweniwo umaudalira. Timagawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu, totchedwa mitochondria, sitingagwiritse ntchito mpweya wa okosijeni popanda mkuwa. Mitsempha ikuluikulu ya magazi imalimba ndi kutamuka chifukwa cha puloteni ina yofuna mkuwa. Ku Australia ng'ombe zodya msipu wopanda mkuwa zinkangogwa n'kufa mwadzidzidzi, mitima itafooka. Choncho munthu akakuuzani kuti akuchotserani mkuwa yense m'magazi, muope.

Taganizirani mbaula ya mu Juni. Makala ali m'mbaula amaphika nsima, amatenthetsa nyumba. Khala limodzi lomwelo likathothoka n'kugwera pamphasa, nkhani yasintha. Mkuwa uli chimodzimodzi. Thupi silimaulola kuyenda wokha. M'magazi umanyamulidwa ndi puloteni yotchedwa ceruloplasmin, m'maselo umasungidwa ndi ina yotchedwa metallothionein, ndipo pali mapuloteni enanso amene ntchito yawo ndi kungouperekeza mpaka pamene ukufunika. Mbaula zake ndi zimenezo. Ukachuluka mpaka zosungirazo kudzaza, wotsalawo umayamba kuyenda wosamangika.

Ukakhala wosamangika umachita chiyani? Mkuwa uli ndi khalidwe lolandira ndi kupereka mosavuta ma elekitironi (tinthu ting'onoting'ono kwambiri tonyamula mphamvu ya magetsi), kulandira uku kupereka uku, osatopa. Khalidwe limeneli ndi limene limaupangitsa kukhala wothandiza, ndiponso ndi limene limaupangitsa kukhala woopsa. Selo iliyonse ikamapanga mphamvu imatulutsa zinyalala pang'ono, ndipo china mwa izo ndi hydrogen peroxide, yemwe uja amachita thovu akathiridwa pachilonda. Payekha, pa mlingo wochepawo, thupi limathana naye bwinobwino. Koma akakumana ndi mkuwa wosamangika amasweka n'kubala kanthu kolusa kwambiri kotchedwa hydroxyl radical. Kameneka sikasankha. Chilichonse chimene chili pafupi kamachilanda elekitironi: mafuta a khungu la selo, mapuloteni, ngakhale DNA. Mafuta amodzi akalandidwa nawonso amalanda kwa oyandikana nawo, ndipo zimangopitirira chomwecho mpaka khungu la selo litabooka. Mkuwa uja sutha pamenepo ayi, umabwerera m'chimake n'kukayambanso. Zili ngati dzimbiri pamalata, kapena mmene peyala lodula limaderamo likakhala pamphepo, kungoti izi zikuchitikira m'nyama yamoyo. Akatswiri akafuna kuwononga mafuta a kolesterol a LDL mu labotale kuti awaphunzire, chimene amathiramo kawirikawiri ndi mkuwa womwewu. Mu 2022 ofufuza ena anasonyezanso kuti mkuwa wochuluka umakakamira pa mapuloteni ena a m'mitochondria n'kuwaundanitsa mpaka selo kufa, ndipo imfa ya mtundu umenewu anaitcha cuproptosis.

Mtima ndiwo uli pangozi kwambiri pa zinthu zotere, pa zifukwa zomveka. Umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, supuma, ndiye umadya okosijeni wambiri. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo ya mtima ndi mitochondria zokhazokha. Zodzitetezera zake zina, monga catalase, ndi zochepa poyerekeza ndi za chiwindi. Ndipo maselo a mtima akafa, obwezeretsa amabadwa ochepa kwambiri. Pamalopo pamangotsala chipsera chimene sichipopa magazi komanso chimasokoneza kagundidwe.

Mpaka apa mnzanu uja akuoneka wolondola. Chimene anasiya ndi chiwindi.

Mkuwa uliwonse wolowa kudzera m'kamwa umayamba wafika kuchiwindi. Matumbo enieniwo amachepetsa kuyamwa akaona kuti ukubwera wambiri. Umene walowa, chiwindi chimatengapo wofunika, wotsalawo chimautsanulira mu ndulu n'kutuluka ndi chimbudzi. Mwa munthu wa chiwindi chabwino dongosolo limeneli ndi lamphamvu, moti akatswiri a zakudya ku America anaika malire a mamiligalamu 10 patsiku kwa munthu wamkulu, kuposa kakhumi mlingo umene amafunika. Kuti mkuwa ufike powononga mtima, kawirikawiri chiwindi chimakhala chitagonja kale, ndipo munthu amaonekeratu: maso a chikasu, mkodzo wakuda, mimba yotupa, magazi ochepa.

Oweta nkhosa amazidziwa izi. Nkhosa siitha kutaya mkuwa bwino. Ikamadya chakudya chopangira nkhumba, chimene chimakhala ndi mkuwa wambiri, imaoneka yabwinobwino kwa miyezi, mkuwa ukuunjikana m'chiwindi mwakachetechete. Tsiku lina chiwindi chimautulutsa wonse nthawi imodzi, maselo ofiira a magazi amasweka, mkodzo umada, nkhosa n'kufa. Anthu ena ochepa amabadwa ndi vuto lofanana ndi limeneli. Amatchedwa matenda a Wilson, potengera dokotala Samuel Alexander Kinnier Wilson amene anawafotokoza mu 1912 ku London. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 30,000, ndipo amabwera pamene mwana watengera jini yolakwika ya ATP7B kwa bambo ndi mayi omwe. Chiwindi chimalephera kutaya mkuwa mu ndulu, ndiye umasefukira ku ubongo, m'maso, ku impso, ndi kumtima komwe. Odwalawa atha kukhala ndi mtima wogunda mosokonekera kapena wofooka, ndipo umenewu ndiwo umboni weniweni mwa anthu woti mkuwa umavulaza mtima. Koma matendawa amaonekera kwambiri pakati pa zaka 5 ndi 35, ndipo amayamba ndi chiwindi, kunjenjemera manja, kulankhula movutikira kapena kusintha khalidwe. Dokotala wa maso amaona mkombero wofiirira m'mphepete mwa diso. Kuti ayambe ndi kutupa mapazi pa zaka 52, popanda china chilichonse, si mmene amabwerera.

Njira ina ndi yomwa ufawo, mwangozi kapena mwadala. Pamenepo sipakhala kukayika. M'kamwa mumamveka chitsulo, munthu amasanza zobiriwira kapena zabuluu, m'mimba mumapotokola, amatsegula m'mimba mwina ndi magazi. M'masiku otsatira maselo ofiira amasweka, chikasu chimabwera, impso zimasiya kupanga mkodzo, BP imagwa, mtima n'kumathamanga mopanda mphamvu. Anthu obadwa ndi vuto la G6PD (kuchepa kwa puloteni ina yoteteza maselo ofiira a magazi), amene ndi ambiri mu Africa muno, magazi awo amasweka msanga kuposa ena. Zikachitika zotere musamusanzitse munthu, musamumwetse zitsamba kapena madzi a mchere. Thamangani naye kuchipatala, paketi ya mankhwalawo ili m'manja.

Nanga wopopera? Kopa salowa kwambiri pakhungu lopanda bala. Amayabwa, amatupitsa khungu, amawawa kwambiri m'maso, ndipo akapumidwa amakanda pakhosi ndi pachifuwa. Pano pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna dokotala wa bambowo adziwe. Ku Portugal, mu 1969, madokotala anafotokoza matenda a mapapo mwa anthu amene anakhala zaka zambiri akupopera mankhwala a mkuwa m'minda ya mpesa. Mapapo ankachita zipsera, anthuwo n'kumachita befu. Mapapo oonongeka kwa nthawi yaitali amatha kulemetsa mbali ya kumanja ya mtima mpaka mapazi kutupa. Si matenda ofala, koma zaka 15 zopuma nkhungu ya sipuleya opanda chophimba kumphuno si zochepa, ndiye X-ray ya pachifuwa ijambulidwe. Onani kuti ngakhale zitakhala zimenezi, palibe piritsi la antioxidant limene lingafafanize chipsera cha m'mapapo. Komanso sipuleya ya mlimi wa tomato simudutsa kopa yekha. Mumadutsanso mankhwala ophera tizilombo, ndipo ena a gulu la organophosphate amalowa pakhungu mosavuta n'kusokoneza kagundidwe ka mtima tsiku lomwelo, munthu akutuluka thukuta ndi dovu. Amenewo ndimawaopa kuposa kopa.

Mukandifunsa chimene ndikuchiganizira poyamba mwa bambo a zaka 52 muno m'Malawi, ndi BP. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri sankadziwa n'komwe. BP imalemetsa mtima zaka ndi zaka munthu akulima, akuseka, osamva kupweteka paliponse. Pambuyo pake pamabwera zitseko za mtima zoonongeka ndi matenda a pakhosi a paubwana, kuchepa kwa magazi, shuga, mowa, impso, ndi TB ya pa chikopa chokuta mtima. Zonsezi zili ndi mankhwala ake enieni, ambiri opezeka m'zipatala za boma. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona munthu akufika mochedwa, miyendo itatupa mpaka m'ntchafu, atatha miyezi isanu ndi ndalama za feteleza pa mabotolo otsuka magazi, pamene piritsi laling'ono lotulutsa madzi ndi lina la BP zikanamuimika kalekale.

Wina angati, bwanji osangoyezetsa mkuwa m'magazi? Kuyeza kumeneko pakokha kumasocheretsa. Ceruloplasmin, yonyamula mkuwa ija, imakwera munthu akakhala ndi kutupa kulikonse m'thupi, matenda opatsirana, pathupi, kapena akamamwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Ndiye mkuwa wa m'magazi umaoneka wokwera osati chifukwa wadwalitsa munthu, koma chifukwa munthu wadwala. Kumbali inayi, odwala matenda a Wilson nthawi zambiri mkuwa wawo wa m'magazi umaoneka wotsika, chonsecho chiwindi chadzaza. Dokotala akakayikira mkuwa amayeza zingapo pamodzi: ntchito ya chiwindi, ceruloplasmin, mkodzo wa maola 24, ndi maso. Kamakina kogwira m'manja kamene ogulitsa ena amayezera anthu m'misonkhano sikangaone chilichonse mwa zimenezi.

Tifike pa ma antioxidant. Nzeru yake imamveka bwino: ngati vuto ndi kulandidwa ma elekitironi, bweretsani chinthu chopereka ma elekitironi mwaulere kuti selo isalandidwe. Mu labotale zimaonekadi. Ofufuza amamwetsa makoswe mkuwa wambiri, ena n'kuwapatsanso vitamini E, selenium (chinthu china cha m'nthaka chimene thupi limafuna pang'ono) kapena madzi a chomera china, kenako n'kuyeza mitima yawo. Kawirikawiri makoswe opatsidwa zotetezawo amapezeka ndi mafuta oonongeka ochepa. Kafukufuku wotere ndi wofunika, amatiphunzitsa mmene zinthu zimayendera. Koma khoswe uja wapatsidwa mkuwa wochuluka kuposa umene mlimi angakumane nawo, kwa masabata ochepa, ndipo chotetezacho amachilandira pamodzi ndi poizoniyo kapena asanamulandire. Bambo a kwanu si choncho.

Mwa anthu zinayesedwa, ndipo pa anthu ambiri. Kafukufuku wa HOPE, wotsogoleredwa ku Canada, anatenga anthu oposa 9,000 amene anali pangozi ya matenda a mtima. Theka linkamwa vitamini E tsiku lililonse kwa zaka zoposa zinayi. Zotsatira za mu 2000 zinasonyeza kuti sanatetezedwe konse, ndipo atawatsatira zaka zina, lipoti la mu 2005 linapeza kuti kufooka kwa mtima kunali kochulukirapo mwa omwa vitamini E aja. Ku Britain, kafukufuku wa Heart Protection Study wa mu 2002 anayesa vitamini C, vitamini E ndi beta-carotene pa anthu oposa 20,000 kwa zaka zisanu: palibe phindu pamtima. Ku Finland, mu 1994, amuna osuta fodya amene ankamwa beta-carotene anapezeka ndi khansa ya m'mapapo yochuluka ndi 18 peresenti kuposa osamwa. Chikomekome cha mkuyu, mayi.

Pali chinanso chokhudza mkuwa penipeni. Vitamini C akakumana ndi mkuwa wosamangika amaupatsa elekitironi, ndipo elekitironi imeneyo ndi imene mkuwa umafuna kuti uswe hydrogen peroxide. Woteteza uja amasanduka wokolezera moto. Choncho ngakhale zikanakhala zoona kuti bambowo adzaza mkuwa, mapiritsi a vitamini C a mlingo waukulu si amene ndikanawapatsa. Antioxidant sachotsa mkuwa m'thupi ngakhale pang'ono. Ochotsa mkuwa ndi mankhwala ena, monga penicillamine amene dokotala John Walshe anayamba kugwiritsa ntchito mu 1956, ndi trientine. Amagwira mkuwa n'kuutulutsira mu mkodzo, ali ndi zovuta zake zazikulu, ndipo amaperekedwa ndi dokotala yekha atatsimikiza matenda. Zinc naye amatchinga mkuwa m'matumbo, koma munthu wabwinobwino akamamwa zinc wambiri kwa miyezi amatha mkuwa m'thupi, magazi n'kuchepa, miyendo n'kuchita dzanzi. Ndipo ngati kuchipatala angawapatse mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, vitamini E wambiri amawonjezera ngozi yotaya magazi.

Ma antioxidant amphamvu kwambiri sagulidwa, thupi limapanga lokha. Woyamba pamzere ndi superoxide dismutase, amene Joe McCord ndi Irwin Fridovich anazindikira ntchito yake mu 1969, ndipo pakati pake penipeni pamakhala mkuwa ndi zinc. Mkuwa womwe ukuimbidwa mlanduwu ndiwo umagwira chishango. Wina ndi glutathione peroxidase, amene amazimitsa hydrogen peroxide asanakumane ndi mkuwa, ndipo ameneyu sagwira ntchito popanda selenium. Apa ndiye pali nkhani yathu ya Amalawi imene ndikanakonda ikanamalankhulidwa kuposa ya mapiritsi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 ndi akatswiri a kuno pamodzi ndi a ku yunivesite ya Nottingham anasonyeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi selenium wochepa kwambiri, chifukwa dothi la asidi silimupereka ku mbewu. Chimanga cha ku chigwa cha Shire ndicho chinali ndi wochuluka. Ku China, m'dera la Keshan, kusowa kwa selenium kunathandizira matenda ofooketsa mtima amene anapha ana ndi amayi ambiri. Sindikunena kuti ndi chimene chagwira bambowo, ndipo musathamangire mapiritsi a selenium, chifukwa akachuluka amathothola tsitsi ndi kuwononga zikhadabo. Ndikunena kuti usipa wa ku Nkhata Bay umene mumaudutsa mumsika wa Mzuzu tsiku lililonse uli ndi selenium, mazira chimodzimodzi. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi chigwada zotendera nsinjiro zikupatsani vitamini E ndi zoteteza zina zambiri pa mlingo umene thupi limaudziwa. Gwafa mmodzi ali ndi vitamini C woposa wa lalanje. Chimodzi chokha musamale: kwa munthu wotupa mapazi mchere ndi mdani, ndiye nsomba ikhale yosathira mchere, ndipo mchere wa patebulo uchoke.

Akachira n'kubwerera kudimba, chitetezo chenicheni ndi choti kopa asalowe m'thupi. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosungunula, pamene ufa uli wouma ndipo ukuuluka. Atsegule paketi chofulatira mphepo, atavala chophimba mphuno ndi pakamwa, magolovesi a labala, malaya a manja aatali ndi majombo. Atakase ndi kamtengo, osati ndi dzanja. Kamwa ya sipuleya ikatsekeka asaiuzire ndi pakamwa, chizolowezi chimene ndachiona kwa alimi ambiri. Apopere m'mawa kapena madzulo kukakhala bata, mphepo ikuchokera kumbuyo, ndipo asadye, kumwa kapena kusuta ali pantchitoyo. Akamaliza asambe ndi sopo thupi lonse, zovala zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana. Mlingo ukhale wa pa paketi, chifukwa kuwonjezera sikupha chiwawu msanga, kumangopsereza masamba ndi kuunjika mkuwa m'dothi. Agule mankhwala a m'paketi yolembedwa, ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, osati opimidwa m'timapepala topanda dzina. Otsala asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena pafupi ndi ufa. Sipuleya isatsukidwire mumtsinje: mkuwa umapha nsomba pa mlingo wochepa kwambiri, ndipo madzi a m'madambo athu ndi omwewo ena akumwa kumunsi. Tomato adikire masiku olembedwa pa paketi asanathyoledwe, ndipo inu kukhitchini mumutsuke bwino, popeza kopa amakhala pakhungu la chipatso.

Poti nkhani ya mkuwa ikayamba anthu amafunsanso za madzi ndi za lupu, ndiyankhiretu. Malire a WHO ndi mamiligalamu 2 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Ngati nyumba ili ndi mapaipi a mkuwa ndipo pasinki pakuoneka madontho obiriwira, tayani madzi oyamba a m'mawa ndipo musaphikire madzi a mu giza. Mkaka wa mwana kapena zakudya zowawasa zisaphikidwe kapena kugonekedwa m'chiwiya cha mkuwa. Ku India ana ambiri anadwala chiwindi chifukwa cha mkaka wa m'ziwiya zotere, ndipo matendawo anachepa kwambiri ziwiya zitasinthidwa. Lupu ya mkuwa siidzaza mkuwa m'magazi mwa mayi wa chiwindi chabwino.

Popita kuchipatala mutenge mapaketi kapena mabotolo opanda kanthu a mankhwala onse amene bambowo amapopera, osati kopa yekha, mutawakulunga bwino mujumbo. Mutengenso buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene akumwa panopa, a zitsamba omwe. Mukamuuze dokotala zaka zimene akhala akupopera, kangati pa sabata, ngati amatsokomola, ngati amadzuka usiku ndi befu, ngati amamwa mowa kapena kusuta, ndiponso ngati kubanja kwawo alipo anadwalapo chiwindi ali wamng'ono. Inuyo mulowe nawo m'chipinda cha dokotala, chifukwa abambo ambiri akafunsidwa amangoti ndilibwino pang'ono, pamene amene mumaona mapazi aja madzulo aliwonse ndinu.